Kwa inu a ku Maravia amene mukuti mupemphera nokha

Ana anga, pali mawu amene ndikuwamva kawirikawiri masiku ano: "Mulungu ali paliponse, ine ndizipemphera ndekha." Amawanena mnyamata amene wabwera kuchokera kokumba golide, amawanenanso mtsikana amene wagula foni n'kudzazamo maulaliki a abusa a ku Lusaka ndi ku Lilongwe. Zoti Mulungu ali paliponse sinditsutsa. Koma chikhristu chimene mukufuna kukhala nacho panokhacho sichinakufikeni kudzera mwa anthu opemphera payekhapayekha, ndipo ndikufuna mudziwe njira imene chinadzera.

Kuno ansembe sanachulukeko chiyambire. Ajezuwiti anatsegula mishoni ya Boroma kufupi ndi Tete mu 1885, pambuyo pake ya Miruru cha ku Zumbo, ndipo midzi yathu inatsala pakati, ulendo wa masiku ambiri wapansi kulikonse ungalowere. Nkhondo ya ufulu italowa m'chigawo cha Tete mu 1968, Apwitikizi anasamutsa anthu n'kuwaunjika m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. Ufulu unabwera pa 25 June 1975, ndipo patangotha mwezi, pa 24 July, boma linatenga masukulu ndi zipatala zamishoni. Amishonale ambiri anachoka, matchalitchi ena anatsekedwa. Aliyense woona ndi maso akanati mpingo watha.

Mu 1977 Akatolika a dziko lonse la Mozambique anakumana ku Beira n'kugwirizana chinthu chimene chinatipulumutsa. Anati mpingo usadikirenso wansembe kuti ukhale ndi moyo. Mudzi uliwonse akhristu azisonkhana, agawane ntchito: uyu wowerenga Mawu, uyu wophunzitsa ana ndi ofuna ubatizo, uyu woyendera odwala, uyu wotsogolera pamaliro. Ku Malawi ndi ku Zambia ankachitanso chimodzimodzi m'miphakati. Abale athu a mpingo wa Reformada anali ataziona kale zoterezi. Mishoni yawo ya Mphatso ku Angónia, imene inayamba mu 1909, Apwitikizi anaitseka mu 1922, koma akhristu ake anapitiriza kukumana m'midzi, ena n'kumawoloka malire kupita ku Malawi kukabatizidwa ndi kukadya mgonero.

Kenako kunadza nkhondo yapachiweniweni, ndipo imeneyo inu munangoimva m'kamwa mwa makolo. Ansembe amene anatsala nawonso sanali otetezeka: pa 30 October 1985 Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira anaphedwa ku Chapotera, m'chigawo chathu chomwechi. Anthu ambiri a kuno anathawira ku Zambia, ena n'kukakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke, ena anabisala m'mapiri ndi m'tchire. Zaka zinkatha osaona Misa. Komabe Lamulungu likafika, munthu mmodzi ankanong'oneza mnzake, anthu n'kukumana pansi pa mtengo, nyimbo n'kumaimbira pansipansi kuti zisamveke patali. Baibulo limodzi long'ambika linkadyetsa mudzi wonse. Kumene kunalibe Baibulo, mayi wina ankakumbukira salimo, bambo wina fanizo, gogo wina mapemphero a m'mawa, n'kulumikiza zonsezo kukhala mapemphero athunthu. Palibe amene anali nazo zonse yekha. Ndimati ndikaganiza zimenezi ndimaona kuti Mulungu anachita dala kugawa chuma chake pang'onopang'ono, kuti wina asamathe popanda mnzake.

Mtendere umene unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992 nawonso unadzera m'manja mwa anthu opemphera pamodzi: gulu la Sant'Egidio, limodzi ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, anakhala pakati pa Frelimo ndi Renamo, magulu amene ankamenyanawo. Koma pepala la ku Roma silikanatha kukhululukitsa anthu a m'mudzi umodzi. Anthu atabwerera, wina anapeza kuti amene anatsogolera asilikali kunyumba kwa m'bale wake akukhala tsidya la dambo. Kumene ambiri anayambira kupatsananso moni ndi kumapemphero, pa benchi limodzi, ndi pamaliro, pamene sungasankhe wogwira naye khasu. Mukanati aliyense azipemphera m'nyumba mwake, ena mpaka lero bwenzi asakulankhulana.

Tsono taonani chimene foni singakuchitireni. Mlaliki wa pa YouTube sakudziwani dzina. Sadziwa kuti mwayamba kachasu, sadziwa kuti ndalama ya fodya mwaithera ku Fingoé m'sabata imodzi mkazi ali ndi pakati kunyumba. Akalankhula zokukhudzani mumangodina n'kupita kwa wina wolankhula zokoma. Koma mkulu wa mpingo wa m'mudzi mwanu simungamudine. Adzabwera madzulo, adzakhala pakhonde, adzafunsa za mvula ndi za ana, kenako adzanena chimene wadzera. Zimawawa, ndipo nthawi zina amalankhula mopyola. Koma ndaona maukwati amene alipo lero chifukwa cha ulendo umodzi wotere, ndaonanso anyamata amene anapita chifukwa panalibe wowauza kuti apa pokha ima. Munthu payekha amadzikhululukira msanga. Tchimo lake amalipatsa dzina lina, mpaka kuliona ngati khalidwe chabe.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Mukuti kutchalitchi kuli miseche, ndalama ya chopereka siidziwika kumene ikupita, kwaya imakangana chifukwa cha yunifolomu, akuluakulu salola wachinyamata kulankhula. Zambiri mwa izi n'zoona. Werengani makalata a Paulo kwa Akorinto mudzaona kuti mpingo woyamba unali ndi magawano, milandu, ngakhale anthu oledzera pa mgonero, koma iye sanawauze kuti abalalike. Anawadzudzula kuti azisonkhana bwino. Kalata ya kwa Ahebri, pamutu 10, ikusonyeza kuti ngakhale nthawi imeneyo analipo amene anazolowera kujomba, ndipo wolembayo sanawayamikire. Ngati ndalama ikusowa, inu amene munaphunzira masamu pemphani kuti muzilemba nawo m'buku ndi kuwerenga poyera mwezi ukatha. Kukhululuka, kuleza mtima, kupirira munthu wovuta, zonsezi Ambuye anatilamula, nanga mudzaziphunzira pa yani mukakhala nokha?

Chenjeraninso ndi mbali inayi. Si gulu lililonse loimba mokweza limene lili mpingo. Kumene akukugulitsani mafuta ndi madzi, kumene akukuuzani kuti agogo anu ndi mfiti ndipo musiye mankhwala a kuchipatala, thawaniko. Funani malo amene Mawu amawerengedwa poyera, amene atsogoleri ake nawonso amadzudzulidwa, amene wamasiye amakumbukiridwa nthawi ya njala ya mu Febuluwale.

Ambiri a inu simukhalitsa pamudzi. Wina apita kukapha kapenta ku Cahora Bassa, wina ku migodi ya malasha ku Moatize, wina ku sukulu ku Tete, wina kukagwira ganyu ku Katete. Musanakwere galimoto, pitani kwa katekista kapena kwa abusa mukatenge kalata ya mpingo. Mukafika kumene mukupitako, Lamulungu loyamba lomwelo funani tchalitchi, musadikire kuti mukhazikike kaye, chifukwa sabata zoyambazo ndi zimene munthu amapezera anzake, ndipo mukapanda kuwapeza kumapemphero mudzawapeza kumowa. Kumigodi kapena kugombe kumene kulibe tchalitchi, chitani zimene anachita makolo anu: itanani awiri atatu, werengani, pempherani, funsanani za kumudzi. Akale anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mukadwala malungo kutali ndi kwanu, amenewo ndiwo adzakunyamuleni kupita kuchipatala ndi kuimbira foni mayi anu.

Musangopita kukalandira ayi. Lero Episkopi Diamantino Antunes, amene akutsogolera dayosizi ya Tete kuyambira mu 2019, ali ndi dera lalikulu ndi ansembe ochepa, ndipo nthawi ya dzinja misewu ya ku Chiputo, Malowera ndi Chipera imadula midzi kwa masabata. Mipingo inanso abusa ake ndi mmodzi pa midzi yambiri. Amene ankawerenga Mawu pansi pa mitengo nthawi ya nkhondo maso awo achita chidima, ena tawaika kale. Pali midzi imene Lamulungu anthu amakhala pansi n'kumayang'anana, kudikira wodziwa kuwerenga, pamene inu amene munafika kalasi ya 10 muli m'nyumba ndi foni kukhutu.