Phunziro la Lero: Mphunzitsi wa ku Conflans ndi Lamulo la 1905

Tsekani kaye makope, ana inu. Ndiyamba ndi mphunzitsi mnzanga amene sindinakumane naye. Dzina lake linali Samuel Paty, ndipo ankaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ku Conflans-Sainte-Honorine, kufupi ndi Paris. Pophunzitsa za ufulu wolankhula, anaonetsa ophunzira zithunzi zonyoza Mneneri Muhammad zomwe nyuzipepala ya Charlie Hebdo inasindikiza, atauza amene sakufuna kuziona kuti ayang'ane kumbali. Pa 16 Okutobala 2020, akuweruka kusukulu, anaphedwa ndi mnyamata wa zaka 18 wa mtundu wa Chechen, yemwe analowa m'dziko la France ali mwana pamodzi ndi makolo ake othawa kwawo.

Kuti mumvetse nkhaniyi, tibwerere ku 1905. Chaka chimenecho dziko la France linakhazikitsa lamulo lolekanitsa boma ndi mipingo. Boma lisamalipire mpingo uliwonse, mpingo nawonso usamalowerere m'zaboma. Eni ake amati laïcité. Gwirani mfundo iyi: lamulolo linapangidwa pofuna kuchepetsa mphamvu za Mpingo wa Katolika. Asilamu panthawiyo anali ochepa kwambiri ku France kwenikweniko.

Anachuluka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene anthu a ku Algeria, Morocco ndi Tunisia anaitanidwa kukagwira ntchito ya zomangamanga ndi m'mafakitale monga a Renault. Ana awo anabadwira komweko, ndi nzika, koma ambiri anakulira m'mphepete mwa mizinda kumene ntchito n'zosowa. Mu 2004 boma linaletsa zizindikiro zoonekera za chipembedzo m'sukulu zake, ndipo mu 2010 linaletsa kuphimba nkhope pagulu. Papepala lamulo la 2004 limakhudzanso mtanda waukulu ndi kachipewa ka Ayuda, koma amene linamulemera kwambiri ndi mtsikana wachisilamu wovala mpango. Ine zimenezi zimandiwawa.

Komabe kuwawa kumeneko sikungapatse munthu chilolezo chogwira mpeni. Amene anapha Paty anafuna kuti mphunzitsi aliyense aziopa choko chake, ndipo demokalase singapume pamene kalasi lili ndi mantha. Palinso ngozi yachiwiri, ya andale amene amatenga mlandu wa munthu mmodzi n'kusenzetsa Asilamu mamiliyoni. Marine Le Pen, yemwe wakhala akulimbana ndi obwera, anapeza mavoti opitirira 41 pa 100 aliwonse m'gawo lachiwiri la chisankho cha pulezidenti cha 2022.

Tsopano tsegulani makope mulembe dzina ili: Ahmed Merabet. Pa 7 Januwale 2015, zigawenga zitaukira ofesi ya Charlie Hebdo, zinapha anthu 12. Mmodzi mwa iwo anali wapolisi ameneyu, Msilamu, mwana wa makolo ochokera ku Algeria, yemwe anawomberedwa pamsewu akuyesa kuziletsa. Mawa mundiuze kuti iyeyu tiziti anali wa mbali iti.