Kuwedza nkhungu ya m'madzi ndi masamba

Mbande zikayamba kuola patsinde panazale, mlimi amakayikira mbewu kapena dothi, osaganizira mtsinje umene akutungamo madzi othirira. Komatu m'madzi oyenda mumakhala tizilombo ta magulu a Phytophthora ndi Pythium, tooneka ngati nkhungu ngakhale kuti pachibale tili pafupi ndi ndere. Timatulutsa timbewu tosambira tomwe timakopeka ndi masamba, ndiye ofufuza amatiwedza ndi nyambo. Njirayi inafala ku California ndi Oregon, Phytophthora ramorum itayamba kupha mitengo ya oak ku California m'zaka za m'ma 1990.

Ntchito imayamba ndi kusankha malo angapo pamtsinje umodzi: kumtunda kunkhalango, pambali pa madimba, ndi kumunsi kwa nazale. Akatero, wofufuza amadziwa pomwe tizilomboti tikulowera. Paliponse alembe tsiku ndi kutentha kwa madzi.

Nyambo ndiye mwini nkhani. Ku America ndi ku Ulaya amakonda masamba a rhododendron, koma zipatso zosapsa za mapeyala zimakolanso Phytophthora cinnamomi, yomwe imaoletsa mizu ya mitengo ya mapeyala. Nyambo ikhale yopanda banga, apo ayi wofufuza adzapeza matenda amene anabwera nawo yekha. Masamba aikidwe m'kathumba ka neti, kamangidwe ndi chingwe kumtengo kuti kaziyandama, pakuti timbewuto timasambira molunjika pamwamba pa madzi. Kathumbako kakhale sabata imodzi kapena masabata awiri, koma madzi akakhala ofunda kazivuulidwa msanga masamba asanaole.

Kulabotale, masamba atsukidwe ndi kupukutidwa. Wofufuza adule kachidutswa m'mphepete mwa banga lakuda, pomwe kachilombo kali moyo, n'kukaika m'mbale ya chakudya chotchedwa PARP. Chakudyachi chili ndi mankhwala oletsa mabakiteriya ndi nkhungu zina. Wofuna Phytophthora yokha amaonjezera mankhwala a hymexazol, amene amafooketsa Pythium. Mbale zikhale mumdima pa madigiri pafupifupi 20, ndipo tizilombo tikamera pakatha masiku angapo, kalikonse kasamutsidwire m'mbale yakeyake. Maikulosikopu imasonyeza gulu, koma dzina lenileni limatsimikizika powerenga DNA, makamaka chigawo cha ITS.

Apa mpamene ambiri amafulumira kuweruza, ndipo n'zachisoni chifukwa alimi amadalira zotsatirazi. Nyambo imakondera. Ku Ulaya ndi ku America imakola kwambiri mitundu ngati P. gonapodyides ndi P. lacustris, yomwe imachuluka pamasamba ovunda m'madzi, pomwe ina yoopsa kumbewu imatha kuphonyeka. Choncho wofufuza asefenso madzi a mumtsinjemo n'kuwerenga DNA yotsalira pasefa, ndipo abwereze zonsezi m'dzinja ndi m'chilimwe. Asanapite kumtsinje wina, atsuke jombo ndi zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo, kuopa kusamutsa matenda ndi matope.