Kakhungu ka Selo, ndi Chifukwa Chake Timaviika Chinangwa

Zamoyo zonse, kaya munthu, chambo kapena chinangwa, zidapangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono totchedwa maselo. Woyamba kuwaona ndi maikulosikopu anali Robert Hooke wa ku Mangalande, m'chaka cha 1665. Selo iliyonse idakutidwa ndi kakhungu kamene mabuku a sayansi amakatcha membrane. Nkopyapyala zedi: mutasanjikiza tikhungu 100,000, mwina ndiye mungafike milimita imodzi.

Kakhunguka kadapangidwa ndi mizere iwiri ya mafuta, monga adaonetsera Gorter ndi Grendel m'chaka cha 1925 poyesa maselo ofiira a m'magazi. M'mafutamo muli mapuloteni amene ali ngati zipata. Mpweya wa okosijeni umangodutsa pa mafutapo, madzi nawo amadutsa msanga, koma shuga ndi mchere sizilowa kapena kutuluka popanda chipata chake. Chotero kakhunguka ndiye mlonda wa selo: kamalowetsa chakudya, kamatulutsa zonyansa, ndipo kamaletsa za m'kati kutayika.

Mwaonapo kodi nsomba yong'amba ikathiridwa mchere? Posachedwa imayamba kuchucha madzi. Madziwo amachokera m'maselo, pakuti madzi akamadutsa pa kakhungu amapita ku mbali kumene mchere wachuluka. Mabakiteriya oolesa nsomba nawonso amatsopedwa madzi momwemo, nchifukwa chake nsombayo imakhalitsa.

Tsono tiyeni tione nsima yathu ya kondowole, imene ife a m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota takulira. M'maselo a chinangwa chowawa, monga Gomani, muli chinthu chochuluka chotchedwa linamarin. Chimenechi chidatsekeredwa m'kathumba ka m'kati mwa selo, kamenenso kali ndi kakhungu kakekake. Kunja, m'chipupa cha selo, muli chinthu china chotchedwa linamarase. Ziwirizi zikakumana, pamatuluka poizoni woopsa dzina lake cyanide. Chinangwa chili chamoyo m'munda, tikhunguto timazilekanitsa; koma mbewa kapena kachilombo kakaluma, maselo amasweka ndipo poizoni amatuluka. Umo ndi mmene mbewuyi imadzitetezera.

Amayi athu akasenda chinangwa nachiviika m'madzi masiku atatu kapena kupitirira mpaka chitafewa, amakhala akuphwanya tikhungu timeneti. Ziwiri zija zimakumana, poizoni amapangika, wina natsukika ndi madzi, wina nauluka poyanika pa dzuwa. Ufa wotsalawo ndiwo timadya osaopa.

Koma munthu akachivuula chisanafewe, zoopsazo zimatsalira mu ufa ndi kukalowa m'thupi mwake. M'chaka cha 1981 kudagwa chilala m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, ndipo chifukwa cha njala anthu ankadya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino. Anthu oposa 1,000 adapuwala miyendo, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Nthendayi imatchedwa konzo, ndipo wopuwala nayo sachira.

Chotero anzanga, popita kwathu pa tchuthi tikafotokozere abale athu zimenezi mwaulemu. Njala ingakule bwanji, chinangwa chowawa chisavuulidwe chisanafewe, ndipo chiyanikidwe kufikira chitauma gwa. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Pa chinangwa, kudekhako kumapulumutsa miyendo ya ana.