Laputopu Ikakana Kukulowetsani mu BIOS

Inu achinyamata amene mwayamba kumene ntchito yokonza makompyuta, dandaulo lanu limakhala limodzimodzi: "Ndaika Windows yatsopano, ndiye BIOS yafufutika." Sinafufutike ayi. BIOS, kapena UEFI pa makina a masiku ano, imakhala m'kachipu kakekake pa motherboard, pamene Windows imakhala pa hard disk kapena pa SSD. Fomatani disikiyo mpaka mutatopa, kachipu kaja simukakhudza. Chasokonekera ndi njira yolowera basi, ndipo kawirikawiri wakutsekerani ndi Windows imene mwangoikayo.

Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, muli chinthu chotchedwa Fast Startup, ndipo pa makina ambiri chimabwera chili choyatsa kale. Mukadina Shut down, laputopu sizima yonse. Imasunga zina pa disiki kuti podzayatsanso idzuke msanga, ndipo kufulumira kumeneko ndiko kumakulandani kanthawi kokanikiza batani. Mumangoona chizindikiro cha Dell kapena HP chikungoti phethi, kenako timadontho tozungulira tija, ngati minibasi yodzaza imene yadutsa pa siteji musanakweze n'komwe dzanja. Mankhwala ake ndi osavuta: gwirani Shift podina Shut down, kapena gwiritsani ntchito Restart, chifukwa Restart sidzera njira yachiduleyo.

Kenako dziwani batani la makina ali patsogolo panuwo, osati la makina munakonza dzulo. Dell, Acer ndi ASUS zimafuna F2. HP imafuna F10, kapena Esc kuti ikupatseni mndandanda wosankhapo. ThinkPad ya Lenovo ndi F1, pamene IdeaPad zambiri zili ndi kabowo kakang'ono m'mbali kotchedwa Novo, kamene mumakabaya ndi kawaya makina ali ozima. Yambani kukanikiza mobwerezabwereza mukangoyatsa, musadikire kuti sikirini iwale. Ngati mabatani a pamwambawo anawaika kuti azikweza voliyumu ndi kuwala, gwirani Fn pamodzi ndi batanilo. Ambiri amatsegula laputopu ndi sikuludilaiva chikhalirecho vuto linali Fn yekha.

Zikakanika, dzerani mkati mwa Windows momwemo. Gwirani Shift n'kudina Restart, sankhani Troubleshoot, kenako Advanced options, kenako UEFI Firmware Settings. Amene mwaika Ubuntu, lembani systemctl reboot --firmware-setup, zichita chimodzimodzi.

Pamene ambiri amataya mtima ndi pamene afika pa Advanced options koma UEFI Firmware Settings palibepo. Musafomatenso. Lembani msinfo32 pa malo ofufuzira, muyang'ane mzere wolembedwa BIOS Mode. Mukapeza Legacy, nkhani yonse ili pamenepo: Windows yalowa m'njira yakale, ndipo m'njira imeneyo ilibe mphamvu youza makina kuti akutsegulireni. Chiyambi chake nthawi zambiri ndi fulashi. Poikonza ndi Rufus munasankha MBR m'malo mwa GPT, kapena pa mndandanda wa boot fulashi yomweyo inaoneka kawiri, inu n'kudina mzere wopanda UEFI kutsogolo kwake. Batani la pa kiyibodi limagwirabe ntchito ngakhale zili choncho, ndiye bwererani kwa ilo makina atazimiratu.

Wina akuuzani za MBR2GPT, chida chimene chili mu Windows 10 kuyambira mu 2017, chimene chimasintha disiki kukhala GPT popanda kufufuta mafayilo. Chidacho n'chabwino, koma chikamaliza mumayenera kulowa mu BIOS kukasintha Legacy kukhala UEFI, apo ayi Windows ikhoza kukana kudzuka. Tsono ngati kulowako ndiye kukukuvutani, mwadzitchera nokha msampha. Pezani kaye khomo, kusintha disiki kubwere pambuyo. Ntchito imeneyi ichuluka, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna UEFI ndi TPM 2.0.

Mwina batani lenilenilo linafa, makamaka pa laputopu imene inathiridwapo tiyi. Lumikizani kiyibodi ya USB. Ikakanabe, zimitsani, chotsani chaja ndi batire, mutulutse disiki n'kuyatsa. Makina ambiri akasowa podzukira amaima n'kukufunsani chochita, ndipo ena amalowa okha mu BIOS.

Za pasiwedi ndinene mosabisa. Malaputopu ambiri a kaunjika anali a makampani akunja, ndipo ena amabwera BIOS yake ili yokhoma. Kufomata sikuchotsa pasiwedi imeneyo. Kuchotsa kabatire kozungulira ka CMOS kumabweza tsiku ndi nthawi m'mbuyo, koma pa ThinkPad ndi makina ena a m'maofesi pasiwedi imasungidwa pamalo pamene sipadalira kabatireko. Bwezani katunduyo kwa wogulitsa, kapena mwini wake apite ndi risiti kwa amene anapanga makinawo. Kasitomala amene sakutha kufotokoza kumene anaitenga laputopu yokhoma, mubwezereni mwaulemu. Apolisi akabwera adzapeza ili pa tebulo lanu.

Chimene ndikukuletsani kwambiri ndi kuthamangira kuika BIOS ina poganiza kuti ndiko kukonza. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyo, batire lili lakufa, laputopu siyakanso mpaka wina atalemba kachipu kaja ndi makina apadera, ndipo ndalama yake idzatuluka m'thumba mwanu.

Mukalowa, jambulani tsamba lililonse ndi foni musanasinthe kanthu. Mzere wa SATA mode muusiye mmene uliri: kuusintha kuchoka pa RAID kupita pa AHCI Windows italowa kale kumabweretsa sikirini yolembedwa INACCESSIBLE BOOT DEVICE. Musanakhudze Secure Boot kapena TPM, onani ngati disiki ili ndi BitLocker, chifukwa ikhoza kukufunsani kiyi ya manambala 48. Kasitomala alowe mu akaunti yake ya Microsoft pa foni, aipeze kiyiyo, muilembe papepala iye ali pomwepo, kenako muzisintha.