Foloko ndi gudumu la kutsogolo: kufanana dzina si kufanana muyezo

Katundu amene amabwezedwa kawirikawiri kwa ogulitsa masipeyala a njinga zamoto ndi wa kutsogolo: mafoloko, habu, ekiselo ndi mbale ya buleki. Wakabaza amafika pa shopu ku Ndirande kapena ku Malangalanga n'kungotchula dzina la njinga. Wogulitsa amatenga chomwe chili pa shelefu, koma pofika madzulo katundu wabwerera atakandikakandika chifukwa makaniko amamukakamiza ndi hamala. Gwero la vutoli ndi loti makampani amasintha zipangizo zaka zikamapita, dzina la njinga lili lomwelo.

Chitsanzo ndi Honda CG125, yomwe idayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndipo injini yake adaitengera makampani ambiri a ku China. Kwa zaka zambiri buleki yake ya kutsogolo inali ya dilamu, koma mu 2004 zogulitsidwa ku Ulaya zidayamba kubwera ndi disiki. Mwendo wa foloko ya dilamu uli ndi kachotupa kolowa mu mpata wa mbale ya buleki kuti mbaleyo isazungulire limodzi ndi gudumu, pomwe wa disiki uli ndi mabowo omangapo kalipa. Choncho wofuna kuchoka ku dilamu kupita ku disiki sangagule gudumu lokha. Afunikanso mwendo wa foloko, kalipa, paipi ya mafuta a buleki ndi pampu ya pa handulo. Wogulitsa womufotokozera izi asanalipire wapewa mkangano.

Funso loyamba likhale la chaka cha njinga. Pa khosi la fulemu pamakhala nambala ya chasesi ya zilembo ndi manambala 17. Pa njinga zambiri za ku China, chilembo cha nambala 10 chimaimira chaka: A ndi 2010, L ndi 2020, P ndi 2023, R ndi 2024. Makampani ena, makamaka a ku India, ali ndi kalembedwe kawo, choncho mboni yodalirika ndi chipangizo chakale. Kasitomala abwere nacho, chiyezedwe ndi veniya iye akuona.

Zoyeza zake ndi zinayi.

Choyamba ndi kunenepa kwa paipi ya foloko. Iyenera kufanana ndendende ndi bowo la zomangira za pa khosi. Kusiyana kwa milimita imodzi n'kokwanira kuti paipi ikane kulowa kapena iziterereka. Kutsekera mpata ndi kachidutswa ka chitini n'kuika moyo wa wokwera pa chiswe.

Chachiwiri ndi kutalika. Foloko yaitali imakweza kutsogolo ndipo njinga imalemera pokhota. Yaifupi imatsitsa injini kufupi ndi miyala, komanso tayala likhoza kugunda madigadi m'maenje. Mafoloko asinthidwe onse awiri pamodzi, ndi mafuta ofanana muyezo, apo ayi njinga imakokera mbali imodzi pogwira buleki.

Chachitatu ndi ekiselo ndi mabering'i. Manambala awiri omaliza pa bering'i amanena kukula kwa bowo: 00 ndi mamilimita 10, 01 ndi 12, 02 ndi 15, 03 ndi 17. Bering'i ya 6201 ndi ya 6301 zonse zimalowa ekiselo ya mamilimita 12, koma kunja 6201 ndi ya mamilimita 32 pomwe 6301 ndi ya 37, motero sizingasinthane mu habu imodzi. Timapaipi ta m'mbali mwa habu natonso tiyezedwe, chifukwa tikafupika gudumu silikhala pakati ndipo bering'i imatha msanga.

Chachinayi ndi limu. CG125 ili ndi limu ya kutsogolo ya mainchi 18, pomwe Bajaj Boxer ili ndi ya 17. Tayala la 18 silikhala pa limu ya 17. Gudumu laling'ono limazungulira kambiri pa mtunda womwewo, choncho sipidomita yoyendera kebulo imaonetsa liwiro ndi makilomita oposa enieni. Mano a giya ya sipidomitayo nawonso ayenera kulumana ndi mipata ya mu habu yatsopano.

Pa katundu wa kaunjika, paipi ya foloko igubuduzidwe pa galasi kapena tebulo losalala. Yopindika imadziulula yokha. Dzimbiri ndi timaenje pamalo poyenda silu zimang'amba silu yatsopano, mafuta n'kutsikira ku buleki.

Pooda ku holoselo, ndi bwino kulemba miyezo m'kope m'malo modalira dzina la pa katoni, ndipo chipangizo chilichonse chimatidwe kapepala ka muyezo wake. Pa lisiti palembedwe mtundu wa njinga, chaka ndi muyezo womwe wagulitsidwa. Wogula wosakhutira ali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndipo zikafika pamenepo lisiti lomveka bwino ndi lomwe limateteza mbali zonse ziwiri. Akabaza amauzana pa siteji shopu yomwe imayeza isanalandire ndalama, ndipo mnzawo foloko ikamuthera amamulozera komweko.