Nsengwa Imasonyeza Mmene Mwana Ankadyera M'mimba

Mayi, mwana akangobadwa maso a aliyense amakhala pa iye. Koma namwino amakhala ndi ntchito inanso, yoyang'ana nsengwa. Kwa miyezi 9 chakudya ndi mpweya wa mwana wanu zimadutsa m'menemo. N'chifukwa chake maonekedwe a nsengwa amathandiza kudziwa ngati khandalo likufunika chisamaliro chapadera.

Nsengwa yabwino imaoneka bwanji?

Ya mwana wobadwa masiku atakwana imakhala yozungulira ngati mbale, yotambalala pafupifupi masentimita 20, ndipo imalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Mbali yomwe inamatirira ku chiberekero imaoneka ngati chiwindi, pomwe mbali ya kwa mwana ndi yosalala. Chingwe cha mchombo chimatalika masentimita 50 mpaka 60, ndipo mkati mwake mumakhala mitsempha itatu.

Zimene namwino amafufuza

• Nsengwa yaing'ono ndi yopyapyala: nthawi zambiri mwana amabadwanso wochepa, osakwana makilogalamu 2.5. Malungo, kuthamanga kwa magazi ndi fodya zimaononga nsengwa, mwana n'kumalandira chakudya chochepa.

• Yaikulu mopitirira: mwina mayi ali ndi matenda a shuga kapena chindoko. Mayi ndi mwana onse ayezedwe.

• Yobiriwira: mwana anachita chimbudzi ali m'mimba. Kapumidwe kake kamafunika kukayang'anira.

• Yonunkha: muli tizilombo ta matenda, ndipo mwana angafunike mankhwala msanga.

• Yosakwanira: kachidutswa kakatsalira m'chiberekero, mayi amataya magazi ambiri kapena kudwala. Izi zimapha, mayi. Nsengwa ikachedwa kutuluka, wina asakoke chingwe kunyumba.

Yambani kuisamala lero

Nsengwa imakula limodzi ndi mwana, ndiye musadikire mimba kuti ioneke.

1. Yambani sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo mupiteko kosachepera ka 8.

2. Tizilombo ta malungo timabisala mu nsengwa ngakhale inu musakumva kutentha thupi. Gonani m'neti usiku uliwonse. Imwani Fansidar amene amaperekedwa kusikelo miyezi itatu yoyamba ikadutsa, kosachepera katatu, motalikitsa mwezi umodzi. Ngati mumamwa Bactrim tsiku ndi tsiku, muuzeni namwino, chifukwa awiriwa saphatikiza.

3. Imwani mapiritsi oonjezera magazi tsiku lililonse, pezetsani magazi ndi kuthamanga kwake.

4. Idyani kuchokera m'magulu 6 a zakudya. Sizilira ndalama zambiri: nsima ya mgaiwa, nyemba kapena nandolo, usipa kapena dzira, chisoso kapena bonongwe wotendera, ndi chipatso cha nyengo yake. Onjezerani chakudya kamodzi pa zomwe mumadya masiku onse. Kudya bwino sikuvutitsa pobereka, kumakupatsani mphamvu.

5. Ramadan ikakupezani muli ndi pakati, kambiranani ndi namwino komanso shehe wanu. Chisilamu chimalola mayi woyembekezera kusiya kusala ngati akuopera thanzi lake kapena la mwana.

Tsiku lochira

Kachilireni kuchipatala. Kumeneko amadikira mphindi imodzi kapena zitatu asanadule chingwe, kuti magazi otsala mu nsengwa alowe mwa mwana ndi kumuteteza ku vuto la kuchepa magazi. Muikeni mwana pachifuwa panu ndi kumuyamwitsa ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja ndi chitetezo chake, ndipo kuyamwako kumathandiza chiberekero kubwerera.

Ngati mwachilira panjira kapena kunyumba, musafulumire kukwirira nsengwa. Ikulungeni bwino, mupite nayo kuchipatala limodzi ndi mwana tsiku lomwelo.

Ndipo musachite manyazi kufunsa kuti, "Anamwino, kodi nsengwa yatuluka yonse? Mwana walemera bwanji?" Akakhala wochepa, pemphani akuphunzitseni njira ya kangaru. Uzaninso amuna anu ndi apongozi anu zimenezi, kuti ndalama ya ulendo wa kuchipatala ikhale yosungidwiratu.