NTHENDA YA MADONTHO OYERA PA NSOMBA ZOWETA

Alimi ambiri tsopano ali ndi maiwe a nsomba m'madambo mwao, ndipo nsombazo ziwapatsa ndiwo ndi ndalama. Koma nsomba nazo zimadwala monga momwe zicitira ng'ombe ndi nkhuku. Phunziro la lero liri pa nthenda ya madontho oyera, imene ikhoza kutha nsomba za m'dziwe lonse pa masabata owerengeka, makamaka tiana. Nthendayi igwira pafupifupi nsomba zonse za m'madzi opanda mcere, monga tilapia amene ambiri amucha bream, milamba ndi carp.

KUIZINDIKIRA KWACE

Gwirani nsomba imodzi ndi kuiyang'anitsitsa padzuwa. Ngati iri ndi nthendayi mudzaona timadontho toyera pathupi pace ndi pazipsepse, ngati kuti wina waiwaza mcere wosalala. Kadontho kamodzi sikapitirira milimita imodzi. Madontho asanaoneke, nsomba ziyamba kudzikhula pamatope, pamiyala ndi paudzu. Pambuyo pace zileka kudya gaga, zisonkhana polowera madzi, ndipo ziyasamira pamwamba. Cimene cizipha kwenikweni ndico kubanika, pakuti nthendayi iononga ziwalo zofiira zopumira zimene ziri m'mbali mwa mutu.

Musaisokoneze ndi matenda ena. Zoyera zonga thonje pa cironda ndi nthenda yina. Zironda zofiira zozama nazonso ndi nthenda yina yoopsa, imene inaoneka mu mtsinje wa Zambezi m'zaka za 2006 ndi 2007, ndiponso ku Mchinji m'dziko la Malawi mu 2020. Mukaona zironda zotero kanenani msanga kwa alangizi a za nsomba.

CIMENE CIBWERETSA NTHENDAYI

Kadontho kali konse ndi kacirombo kamoyo kamene kalowa pansi pa khungu. Akatswiri akacha Ichthyophthirius, ndipo anakapatsa dzinali ndi Fouquet wa ku France m'caka ca 1876. Moyo wace uli ndi magawo atatu, ndipo mlimi amene awadziwa bwino sataya ndalama pacabe.

1. Kacirombo kakhala m'khungu la nsomba, kadya ndi kukula. Pa nthawi iyi khungu lomwelo likachinjiriza, ndipo mankhwala othira m'madzi sakafika.

2. Kakakhwima kacoka pansomba, kagwera pansi ndi kumamatira kumatope, kuudzu kapena kuukonde. Pamenepo kadzikuta ndi cikwa nkuyamba kugawikana, kawiri, kanai, kasanu ndi katatu, kufikira tiana tace titakwana mazana ambiri, mwina cikwi.

3. Cikwa ciphulika, ndipo tianato tisambira m'madzi kufuna nsomba. Ndi tating'ono kwambiri, maso sangatione. Tikapanda kupeza nsomba pa masiku awiri kapena atatu, tifa.

Apa ndiye pali phunziro lalikulu. Kacirombo aka kaphedwa pamene kali kunja kwa nsomba basi. Cifukwa cace kuthira mankhwala tsiku limodzi sikuthandiza. Ndiponso madontho akazimirira musati nthenda yatha ai. Tizirombo tangotsikira pansi kukaswana, ndipo tidzabwera toculuka kuposa kale.

CIFUKWA CACE IBVUTA M'NYENGO YACISANU

Ulendo wonse wa magawo atatuwa uyendera kutentha kwa madzi. Pa madigiri 25 sutha ndi sabata lomwe. Pa madigiri 15 utenga masabata ngati awiri. Madzi akapitirira madigiri 30, tizirombo tambiri ta mtundu uwu tilephera kuswana bwino.

M'miyezi ya June ndi July madzi a m'maiwe a kumtunda azizira kwambiri. Tilapia ndi nsomba yokonda kufunda, ndipo madzi akatsika pansi pa madigiri 20 icepetsa kudya ndi kufooka. Nsomba yofooka ndiyo igwidwa msanga. Cimodzimodzi nsomba zothithikana m'dziwe laling'ono, ndi tiana timene tayenda ulendo wautali m'mapepala apulasitiki.

ZIMENE ACITA OWETA NSOMBA ZA M'NYUMBA

M'mizinda ya maiko ambiri muli anthu oweta nsomba m'mabokosi agalasi kuti azingoziona kukongola kwace. Anthu amenewa aidziwa bwino nthendayi, cifukwa m'galasi zonse zioneka. Imodzi ya nsomba zao za mtengo wapatali ndi discus, yozungulira ndi yaphanthiphanthi ngati mbale, imene kwao ndi ku mtsinje wa Amazon ku South America. Nsombayi ikonda madzi a madigiri 28 kufikira 30.

Discus ikaoneka ndi madontho, mwini wace akweza kutentha kwa madzi pang'onopang'ono ndi makina amagetsi kufikira madigiri 30 kapena kupitirira pang'ono, kuti tizirombo ticoke msanga pakhungu. Aonjeza mpweya m'madzi, pakuti madzi ofunda asunga mpweya wocepa. Tsiku ndi tsiku akoka zinyalala za pansi ndi kapaipi, ndipo zikwa zambiri zicokera pamodzi nazo. Athira mankhwala mobwereza, napitiriza masiku angapo madontho atatha. Koposa zonse, nsomba yatsopano aisunga payokha masabata angapo asanaiphatikize ndi zinzace.

Mlimi sangathe kufunditsa dziwe. Koma kubwereza mankhwala, kucotsa zikwa ndi kupatula nsomba zatsopano angathe. Cinthu cimodzi cokha asatengere. Mankhwala ambiri a nsomba za m'galasi ali ndi utoto wochedwa malachite green. Utoto uwu ukhalitsa m'mnofu wa nsomba ndipo ndi woopsa kwa munthu woidya, motero maiko ambiri anauletsa pa nsomba zakudya. Discus ya m'galasi palibe aidya, koma nsomba zanu zidyedwa ndi ana anu ndi anthu a kumsika.

KUCIRITSA NDI MCERE

Mankhwala opezeka paliponse ndi mcere wamba. Muyeso wace ndi magalamu 3 pa lita imodzi ya madzi. Ndowa ya malita 20 ifuna magalamu 60, ndiwo masupuni akulu ngati atatu, ndipo mgolo wa malita 200 ufuna magalamu 600. Njira iyi iyenera tiana ndi nsomba zowerengeka zimene mufuna kusunga za mbeu.

Konzani migolo iwiri yoyera, imene simunalowepo mafuta kapena mankhwala a m'munda. Sungunulani mcere coyamba, ndipo ikanimo nsomba zocepa kuti zisabanike. M'mawa mwace zisamutsireni mumgolo waciwiri wa madzi atsopano amcere. Woyambawo utsukeni, ukhale padzuwa kufikira uume. Potero zikwa zitsalira m'mbuyo tsiku liri lonse. Madzi otayawo athireni pamtunda, kutali ndi dziwe ndi mtsinje. Citani cotere masiku 10 m'nyengo yotentha, ndi masabata atatu m'nyengo yacisanu. Milamba iribe mamba, ndipo khungu lace sililimba ku mankhwala. Kwa iyo yambani ndi theka la muyesowu ndi kuiyang'anira.

Nanga dziwe lonse? Tiyeni tiwerenge. Dziwe la mamita 10 m'litali, 10 m'lifupi ndi mita imodzi kuya liri ndi malita 100,000. Pa muyeso womwewo lifuna makilogalamu 300 a mcere, ndiwo matumba 6 a makilogalamu 50, ndipo madzi akasefukira mcerewo upita nao. Ndi alimi angati angakwanitse? Alipo mankhwala ena monga formalin ndi potassium permanganate, koma muyeso ukalakwika apha nsomba zonse usiku umodzi. Musawathire popanda mlangizi.

Nthenda ikalowa m'dziwe la nsomba zazikulu, nzeru yabwino ndiyo kukolola zamoyo zisanafe. Kaciromboka sikagwira munthu, ndipo nsomba yophikidwa bwino idyedwa. Zakufa zokha muzicotse m'mawa uli wonse ndi kuzikwirira. Mukatha kukolola phwetsani dziwe, wazani laimu pa muyeso umene mlangizi akuuzeni, ndipo liume kufikira matope atang'aluka. Tizirombo sitikhala kopanda madzi ndi kopanda nsomba.

MALAMULO A KUPEWA

1. Gulani tiana kwa oswetsa nsomba odziwika kapena ku malo a Boma, ndipo tiyang'aneni musanalipire.

2. Kumbani kadziwe kakang'ono kapadera, kamene madzi ace sapita m'maiwe ena. Nsomba zonse zatsopano zikhale m'menemo masabata atatu.

3. Musathire m'dziwe madzi amene nsomba zabwera nao.

4. Ukonde wobwereka kapena wocokera m'dziwe lina uyanikeni uume gwa musanaugwiritse nchito. Ndowa ndi madengu cimodzimodzi.

5. Dziwe liri lonse likhale ndi ngalande yaceyace. Madzi a dziwe lina asalowe m'linzace.

6. Ikani sefa polowera madzi kuti tinsomba ta mumtsinje tisalowe.

7. Musagwiregwire kapena kusamutsa nsomba m'miyezi yacisanu popanda cifukwa. Dziwe likhale ndi mbali yakuya mita imodzi kapena kuposapo, kumene madzi sazizira msanga usiku.

8. Musaike nsomba zoculuka kuposa muyeso wa dziwe.

Akulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Pa nthenda iyi mauwa ndi oona ndithu, pakuti kansomba kamodzi kopatsidwa ndi mnansi kakhoza kutayitsa nchito ya caka conse. Kukumba kadziwe kopatulira ndi nchito ya masiku ocepa, ndipo sikulira ndalama. Kambiranani zimenezi m'makalabu anu, makamaka inu amene mubwerekana ukonde umodzi. Mukaona nsomba zikudzikhula kapena kuyasamira pamwamba, tumizani mau tsiku lomwelo kwa mlangizi wa Dipatimenti ya Nsomba wa m'boma lanu, ndipo musagulitse kapena kugawira anzanu tiana ta m'dziwelo kufikira iye atafika.